Kusiyana kwa mitsempha ya magazi ya m'mimba

Kusiyana kwa mitsempha ya magazi ya m'mimba kumachitika pamene mtsempha wopititsa magazi ku chiwalo china cha m'mimba wayambira pamalo ena, wadzera njira ina, kapena pamene mitsemphayo yachuluka kapena kuchepa poyerekezera ndi zimene mabuku ophunzitsa za thupi la munthu amasonyeza. Munthu amabadwa ali choncho, ndipo si matenda. Anthu ambiri amene mitsempha yawo ndi yosiyana amakhala moyo wawo wonse osadziwa, chifukwa magazi amafikabe ku chiwindi, impso ndi matumbo mokwanira. Kusiyanaku kumakhala nkhani yaikulu munthu akafunika opaleshoni ya m'mimba, akafuna kupereka impso kapena mbali ya chiwindi chake kwa wodwala, kapena akamalandira mankhwala odzera mumtsempha. Dokotala akadula kapena kumanga mtsempha umene samayembekezera kuupeza pamalopo, wodwala akhoza kutaya magazi ambiri, kapena mbali ya chiwalo ikhoza kufa.

Kale kusiyanaku kunkadziwika pofufuza mitembo kapena opaleshoni ili kale mkati. Masiku ano kumaoneka pa zithunzi za m'thupi, makamaka za makina a CT, wodwala asanalowe m'chipinda cha opaleshoni.

M'Chichewa mawu akuti mtsempha amatanthauza zinthu zingapo. M'nkhani ino akuimira mtsempha wotenga magazi kuchokera kumtima kupita ku ziwalo, umene azachipatala amautcha artery. Mtsempha wobweza magazi kumtima, wotchedwa vein, watchulidwa momveka pamene ukufunika. Mawu akuti kapamba akuimira chiwalo cha kumanzere chimene chimatupa munthu akamadwala malungo pafupipafupi, ndipo chiwalo chopanga insulini chatchulidwa kuti pancreas.

Dongosolo lopezeka mwa anthu ambiri

Mitsempha yonse ya m'mimba imachokera mumtsempha waukulu wotchedwa aorta. Mtsemphawu umatuluka mumtima, n'kutsika m'chifuwa, kenako n'kudutsa mnofu wopumira umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba. Umalowa m'mimba molingana ndi fupa lomaliza la msana la m'chifuwa, lotchedwa T12. Mwa munthu wamkulu ndi wotambalala pafupifupi masentimita 2. Umatsika patsogolo pa msana, chakumanzere pang'ono, ndipo ukafika pa fupa lachinayi la m'chiuno, L4, umagawika pawiri kupita m'chiuno ndi kumiyendo.

Kutsogolo kwa aorta kumatuluka nthambi zitatu zazikulu zopita ku ziwalo zogaya chakudya. Yoyamba ndi celiac trunk, thunthu lalifupi la sentimita imodzi kapena awiri limene limatuluka pa T12 ndi kugawika patatu: mtsempha wa kumanzere kwa chifu, mtsempha wa kapamba, ndi mtsempha waukulu wa chiwindi. Mtsempha waukulu wa chiwindi umatulutsa nthambi yotchedwa gastroduodenal, yotsikira ku chiyambi cha matumbo ndi kumutu kwa pancreas, kenako umakwera n'kugawika kukhala mtsempha wa kumanja ndi wa kumanzere kwa chiwindi. Kamtsempha ka thumba la ndulu kawirikawiri kamachokera mu wa kumanja.

Nthambi yachiwiri ndi superior mesenteric artery, imene madokotala amaifupikitsa kuti SMA. Imatuluka pa L1, pafupifupi sentimita imodzi pansi pa celiac trunk, ndipo imapereka magazi ku matumbo aang'ono ndi mbali ya kumanja ya matumbo aakulu. Yachitatu ndi inferior mesenteric artery, kapena kuti IMA, imene imatuluka pa L3 ndi kupereka magazi ku mbali ya kumanzere ya matumbo aakulu mpaka kumtunda kwa thumbo lomaliza.

M'mbali mwa aorta mumatuluka nthambi zapawiri, ina kumanja ina kumanzere. Zikuluzikulu ndi mitsempha ya impso, imene imatuluka pakati pa L1 ndi L2, umodzi pa impso iliyonse. Palinso timitsempha topita ku mnofu wopumira, ku tiziwalo ta pamwamba pa impso, ku machende kapena ku mabasiketi a mazira, ndiponso ku minofu ya kumsana.

Limeneli ndiye dongosolo limene ophunzira amaloweza. Limatchedwa lachizolowezi chifukwa limapezeka kawirikawiri kuposa ena onse, koma mwa anthu ambiri mbali imodzi kapena ziwiri za dongosololi zimakhala zosiyana.

Chimene chimayambitsa kusiyanaku

Kusiyanaku kumayamba m'masabata oyambirira a mimba, mwana akungoumbika kumene. Pa nthawiyo mluza umakhala ndi timitsempha tambiri kuposa timene munthu amafunika. Tina timakula, tina timafota n'kutheratu. Dongosolo limene munthu amabadwa nalo limadalira kuti ndi titi tatsala.

M'chaka cha 1904 katswiri wa za thupi la munthu wa ku Vienna, Julius Tandler, anafotokoza mmene izi zimachitikira pa mitsempha ya ziwalo zogaya chakudya. Iye anati kutsogolo kwa aorta ya mluza kumatuluka mizu inayi, imene imalumikizidwa ndi kamtsempha koyenda chotsika ngati mtanda wa makwerero. Mwa anthu ambiri kamtsemphaka kamaduka pakati pa muzu wachitatu ndi wachinayi. Zikatero nthambi zitatu zapamwamba zimatulukira pamodzi monga celiac trunk, ndipo muzu wachinayi umakhala SMA. Kakaduka pamalo ena, mtsempha wa chiwindi kapena wa kapamba umatsalira ku SMA. Kakapanda kuduka, nthambi zonse zinayi zikhoza kutulukira pa thunthu limodzi.

Chiwindi cha mluza chimalandira magazi kuchokera mbali zitatu: kumanzere kuchokera mumtsempha wa chifu, pakati kuchokera mu celiac trunk, ndi kumanja kuchokera mu SMA. Nthawi zambiri wapakati ndiwo umatsala. Wa kumanzere kapena wa kumanja ukapanda kufota, munthu amabadwa ndi mtsempha wa chiwindi wochokera kwina.

Impso nazo zili ndi mbiri yakeyake. Zimaumbika m'munsi, m'chiuno, ndipo pakati pa sabata ya 6 ndi ya 9 zimakwera kufika pamalo ake. Pokwerapo zimalandira mitsempha yatsopano kuchokera pamwamba, ndipo yakale ya m'munsi imafota. Ina ikapanda kufota, impso imakhala ndi mitsempha iwiri kapena itatu. Walter Felix anafotokoza zimenezi m'chaka cha 1912.

Mbiri ya kafukufuku

Albrecht von Haller wa ku Switzerland anafotokoza kugawika patatu kwa celiac trunk m'chaka cha 1756, ndipo mpaka lero kugawikaku kumatchedwa ndi dzina lake. Buntaro Adachi wa ku Japan anasindikiza m'chaka cha 1928 buku lalikulu lofotokoza mitsempha ya anthu a m'dziko lake, ndipo anagawa maonekedwe a celiac trunk m'magulu. Ntchito imene imatchulidwa kwambiri ndi ya Nicholas Michels wa ku Philadelphia, amene anafufuza mitembo 200. Anasindikiza buku lake mu 1955, ndipo mu 1966 anafalitsa magulu khumi a mitsempha ya chiwindi. Mwa mitembo imene anafufuza, 55 pa 100 alionse okha ndi amene anali ndi dongosolo la m'mabuku.

Njira zoonera mitsempha mwa munthu wamoyo zinakula padera. Mu 1929 Reynaldo dos Santos wa ku Lisbon anajambula aorta pa X-ray atabaya singano kudzera kumsana n'kuthira mankhwala ooneka pa chithunzi. Mu 1953 Sven-Ivar Seldinger wa ku Sweden anapeza njira yolowetsera kachubu mumtsempha kudzera pa singano ndi kawaya, popanda kung'amba khungu. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito. Makina a CT a Godfrey Hounsfield anajambula wodwala woyamba ku London mu 1971, koma ankajambula mutu wokha ndipo ankachedwa. Makina ojambula magawo anayi nthawi imodzi anatuluka mu 1998, ndipo ojambula magawo 64 anatuluka cha mu 2004. Kuyambira pamenepo zinatheka kujambula mimba yonse m'masekondi ochepa munthu atagwira mpweya, komanso kufufuza anthu masauzande m'malo mwa mitembo mazana ochepa.

Njira zojambulira

CT ya mitsempha ndiyo njira imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri. Wodwala amathiridwa mankhwala okhala ndi ayodini kudzera mumtsempha wobweza magazi wa pamkono, ndipo makina amajambula pamene mankhwalawo adzaza mu aorta ndi nthambi zake, patangopita masekondi pafupifupi 25 mpaka 35. Nthawi imeneyi ndi yofunika kwambiri. Chithunzi chikajambulidwa mochedwa, patapita mphindi imodzi kapena kuposa, mitsempha yobweza magazi imakhala nayonso yawala, ndipo timitsempha tating'ono timavuta kusiyanitsa. Magawo amadulidwa mopyapyala, milimita imodzi kapena kucheperapo, ndipo kompyuta imawalumikiza kuti mitsempha ioneke kuchokera kutsogolo, m'mbali, kapena ngati chinthu chathunthu chimene dokotala angachitembenuze pa sikirini. Kuipa kwa CT n'kwakuti imagwiritsa ntchito cheza cha X-ray, ndipo mankhwala a ayodini amafuna kusamala mwa anthu amene impso zawo sizikugwira bwino kapena amene matupi awo amadana nawo.

MRI ya mitsempha sigwiritsa ntchito X-ray. Imadalira maginito amphamvu, ndipo nthawi zambiri wodwala amathiridwa mankhwala a gadolinium, ngakhale pali njira zina zosafuna mankhwala. Imathandiza mwa ana ndi mwa anthu amene sangalandire ayodini, koma imatenga nthawi yaitali, ndipo timitsempha tating'ono kwambiri sitioneka bwino ngati pa CT.

Sikani ya ultrasound ndi yotsika mtengo, ilibe cheza, ndipo imapezeka m'zipatala zambiri. Ikaphatikizidwa ndi njira ya Doppler imasonyeza kumene magazi akulowera ndi liwiro lake. Pa sikaniyi celiac trunk ndi nthambi zake ziwiri zazikulu zimaoneka ngati mbalame yotambasula mapiko. Vuto lake n'lakuti mpweya wa m'matumbo ndi mafuta a pamimba zimatchinga, choncho mtsempha wachiwiri wa impso umaphonyedwa mosavuta.

Kujambula ndi kachubu, kumene masiku ano kumatchedwa DSA, ndiko kumaonetsa timitsempha tating'ono bwino kuposa njira zonse. Kachubu kamalowetsedwa pamphechepeche kapena padzanja mpaka kukafika mumtsempha wofunikawo, ndipo kompyuta imachotsa mafupa pa chithunzi kuti patsale mitsempha yokha. Popeza njirayi imafuna kulowa m'thupi, imagwiritsidwa ntchito makamaka pamene dokotala akufuna kupereka chithandizo nthawi yomweyo.

Celiac trunk

Mwa anthu ambiri nthambi zitatu za celiac trunk sizitulukira pamalo amodzi enieni. Kawirikawiri mtsempha wa kumanzere kwa chifu umayamba kupatuka, kenako thunthu limagawika pawiri. Zimenezi zimawerengedwabe kuti ndi dongosolo lachizolowezi.

Kafukufuku wa ku Seoul, ku South Korea, amene anasindikizidwa mu 2010 m'magazini ya Radiology, anaunika zithunzi za anthu 5,002 ndipo anapeza dongosolo lachizolowezi mwa anthu 89 pa 100 alionse. Mwa otsalawo, chofala kwambiri chinali thunthu la nthambi ziwiri, ya chiwindi ndi ya kapamba, pamene mtsempha wa chifu watulukira pawokha. Chotsatira chinali chakuti mtsempha wa chiwindi wachokera mu SMA, ndipo thunthu latsala ndi nthambi za chifu ndi kapamba. Mwa munthu pafupifupi mmodzi pa 100 alionse, celiac trunk ndi SMA zinali thunthu limodzi. Munthu wotere amadalira khomo limodzi kuti chifu, chiwindi, kapamba ndi matumbo ambiri zilandire magazi, choncho khomolo likatsekeka ndi magazi oundana, ngozi yake imakhala yaikulu kuposa mwa anthu ena. Mwa anthu ochepa kwambiri thunthu silikhalapo n'komwe, ndipo nthambi iliyonse imatuluka payokha mu aorta.

Mitsempha ya chiwindi

Pofotokoza mitsempha ya chiwindi, madokotala amasiyanitsa mitundu iwiri. Mtsempha wolowa m'malo ndi umene wachokera kwina ndipo ndi wokhawo wopereka magazi ku mbali imeneyo ya chiwindi. Mtsempha wowonjezera ndi umene wachokera kwina koma wachizolowezi uliponso. Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa kudula mtsempha wolowa m'malo kumasiya mbali yonseyo yopanda mtsempha wina.

Mu 1994 Jonathan Hiatt ndi anzake a pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles anafotokoza ziwindi 1,000 zimene zinatengedwa kuti zikaikidwe mwa odwala, ndipo anachepetsa magulu a Michels kufika pa asanu ndi limodzi:

Gulu 1: dongosolo lachizolowezi, ziwindi 757.
Gulu 2: mtsempha wa kumanzere wochokera mumtsempha wa chifu, ziwindi 97.
Gulu 3: mtsempha wa kumanja wochokera mu SMA, ziwindi 106.
Gulu 4: zonse ziwiri pamodzi, ziwindi 23.
Gulu 5: mtsempha wonse wa chiwindi wochokera mu SMA, ziwindi 15.
Gulu 6: mtsempha wonse wa chiwindi wochokera mu aorta, ziwindi 2.

Ziwerengero za Hiatt n'zosiyana ndi za Michels chifukwa njira zofufuzira ndi kawerengedwe sizinali zofanana, koma onse awiri akusonyeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse, kapena kuposa apo, ali ndi mitsempha ya chiwindi yosiyana ndi ya m'buku.

Pa CT mitundu iwiri yofala ili ndi malo ake odziwika. Mtsempha wa kumanja wochokera mu SMA umakwera kuseri kwa mutu wa pancreas, n'kudutsa kumbuyo kwa portal vein, mtsempha waukulu wotenga magazi kuchokera kumatumbo kupita kuchiwindi. Mwachizolowezi mtsempha wa chiwindi umakhala kutsogolo kwa portal vein, choncho kadontho kowala kakaoneka kumbuyo kwake, wowerenga chithunzi amakatsatira mpaka apeze kumene kachokera. Mtsempha wa kumanzere wochokera ku chifu umalowa m'chiwindi kudzera mumng'alu wa kuseri kwa mbali ya kumanzere, malo amene mwachizolowezi simudutsa mtsempha waukulu.

Kamtsempha ka thumba la ndulu nakonso kamasiyanasiyana. Kakhoza kukhala kawiri, kakhoza kuchokera mumtsempha wina, kapena kakhoza kukhala kafupi kwambiri pamene mtsempha wa kumanja kwa chiwindi wapindikira pafupi ndi khosi la thumbalo. Kupindika kotereku kumasocheretsa, chifukwa dokotala angaganize kuti mtsempha wa chiwindiwo ndi wa ndulu n'kuumanga.

Mitsempha ya impso

Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi mitsempha yoposa umodzi pa impso imodzi kapena pa zonse ziwiri. Wina umalowa pakhomo la impso limodzi ndi mtsempha waukulu, wina umalowa kunsonga ya pamwamba kapena ya m'munsi. Ambiri amachokera mu aorta, koma ena amachokera m'munsi, mu mitsempha yopita m'chiuno.

Ngakhale imatchedwa yowonjezera, mitsempha imeneyi si yapadera yongosungira. F. T. Graves anasonyeza mu 1954 kuti impso imagawika m'zigawo zisanu, ndipo chigawo chilichonse chimalandira magazi kuchokera ku nthambi yake yokha, popanda kulumikizana ndi zinzake. Mtsempha wowonjezera ukamangidwa, chigawo chimene umadyetsa chimafa. Wa kunsonga ya m'munsi ndi wofunika mwapadera chifukwa nthawi zambiri umaperekanso magazi ku njira yotsitsa mkodzo kuchokera kuimpso kupita kuchikhodzodzo. Mtsempha womwewu ukhoza kupingasa pamene njirayo yayambira n'kuipanikiza, mkodzo n'kumadzaza muimpso mpaka kutupa.

Kusiyana kwina ndi kugawika msanga, pamene mtsempha umodzi wapanga nthambi usanatalikirane ndi aorta, pa mtunda wosakwana sentimita imodzi ndi theka kapena awiri. Palinso mtsempha wa kumanja wodutsa kutsogolo kwa mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima, pamene mwachizolowezi umadutsa kumbuyo kwake. Impso zolumikizana kunsi, zooneka ngati chitsulo cha kuphazi kwa hatchi, zimapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 500. Pokwera zimakodwa pa IMA n'kuima m'munsi, ndipo nthawi zambiri zimakhala ndi mitsempha ingapo yochokera malo osiyanasiyana. Impso yotsalira m'chiuno nayo imalandira magazi kuchokera ku mitsempha ya m'chiuno momwemo.

Mitsempha ya matumbo ndi milatho yake

Nthambi za SMA zopita ku matumbo aakulu ndi zosakhazikika. Ya kumanja nthawi zambiri situluka payokha, koma imachokera mu nthambi yoyandikana nayo, kapena sipezeka n'komwe. Yapakati ikhoza kukhala iwiri. SMA ndi IMA zimalumikizana kudzera mumtsempha woyenda m'mphepete mwa matumbo aakulu, wotchedwa ndi dzina la Drummond, ndipo mwa ena pamakhala mlatho wina wa mkati, wotchedwa ndi dzina la Riolan. Pamene matumbo aakulu amakhotera pafupi ndi kapamba, kulumikizanaku kumakhala kofooka kapena kosakwanira mwa anthu ena, n'chifukwa chake malo amenewa ndi amene amayamba kuvutika magazi akachepa m'thupi. Pakati pa celiac trunk ndi SMA pakhoza kutsala mlatho wa Bühler, umene ndi chotsalira cha kamtsempha ka mluza kamene Tandler anafotokoza.

Kaimidwe ka SMA kamathandizanso kuzindikira vuto lina lobadwa nalo. Matumbo a mluza amazungulira mtsemphawu asanakhazikike pamalo ake. Mwachizolowezi mtsempha wobweza magazi wa matumbo umakhala kumanja kwa SMA. Ukaoneka kumanzere pa sikani, dokotala amakayikira kuti matumbo sanazungulire bwino, ndipo amapima mowonjezera, chifukwa matumbo otere akhoza kupotana n'kudzitsekera magazi, makamaka mwa makanda.

Pamene malo a mtsempha amadzetsa vuto

Nthawi zina mtsempha umakhala ndi nthambi zachizolowezi koma malo ake ndi amene amavuta. Celiac trunk ikatulukira pamwamba kwambiri, kapena mkombero wa mnofu wopumira ukatsika kwambiri, mkomberowo umapanikiza mtsemphawo. Pa CT yojambulidwa cham'mbali thunthu limaoneka lopindika ngati mbedza, ndipo kupanikizikako kumakula munthu akatulutsa mpweya. Maonekedwewa amapezeka mwa anthu ambiri amene sakumva kupweteka kulikonse. Amatchedwa matenda pokhapokha ngati munthuyo akumva kupweteka m'mimba akadya, akuonda, ndipo zifukwa zina zafufuzidwa osapezeka. Harjola anafotokoza vutoli mu 1963, ndipo Dunbar ndi anzake analifotokozanso mu 1965.

Pakati pa SMA ndi aorta pamadutsa gawo lachitatu la chiyambi cha matumbo aang'ono ndiponso mtsempha wobweza magazi wa impso ya kumanzere. Mafuta a pamalopa amathandiza kuti mpata ukhale wotakasuka. Munthu akaonda kwambiri mofulumira, mpatawo umachepa, ndipo thumbo likhoza kupanikizika mpaka munthu kumasanza, kapena mtsempha wa impso ukhoza kupanikizika mpaka magazi kumaoneka mumkodzo.

Kufunika kwake pa chithandizo

Chiwindi chimalandira pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magazi ake kuchokera mu portal vein, ndipo gawo limodzi lokha ndi limene limadzera mu mitsempha yofotokozedwa pano. Komabe njira za ndulu zimadalira mitsempha imeneyi pafupifupi kotheratu. Mtsempha wa kumanja kwa chiwindi ukadulidwa mwangozi, njira ya ndulu ikhoza kuuma, kuchucha kapena kutsekeka patapita nthawi, ndipo m'chiwindi mukhoza kuchita mafinya.

Ngoziyi ndi yaikulu pa opaleshoni yochotsa mutu wa pancreas, yotchedwa ndi dzina la Allen Whipple amene anaifotokoza mu 1935, chifukwa mtsempha wolowa m'malo wochokera mu SMA umadutsa pamalo enieni amene akudulidwa. Ngati chotupa chazinga mtsemphawo, dokotala amafunika kudziwiratu kuti akonzekere kuulumikizanso. Pa opaleshoni ya khansa ya chifu, mtsempha wa kumanzere kwa chifu umamangidwa pa tsinde pake, ndipo ngati mbali ya kumanzere ya chiwindi imadalira mtsempha womwewo, imataya magazi ake.

Poika chiwindi kapena impso mwa munthu wina, mtsempha uliwonse umayenera kusokedwa kapena kulumikizidwa ndi unzake. Anthu ofuna kupereka impso amajambulidwa ndi CT asanaloledwe. Nthawi zambiri madokotala amakonda impso ya kumanzere chifukwa mtsempha wake wobweza magazi ndi wautali, koma ikapezeka ndi mitsempha itatu pamene ya kumanja ili ndi umodzi, chisankhocho chikhoza kusintha.

Khansa yoyambira m'chiwindi imadya magazi a mitsempha yochokera kumtima, ndipo chithandizo china chimadalira zimenezi: kachubu kamafikitsidwa mumtsempha wodyetsa chotupa, n'kuthiramo mankhwala ndi timibulu totseka njira. Dokotala akalowa mu celiac trunk yokha pamene chotupa chikudyetsedwa kuchokera mu SMA, mankhwala safika pa chotupacho. Timibulu tikasochera n'kulowa mu nthambi ya chifu, timayambitsa zilonda. Chimodzimodzi pofufuza pamene magazi akutayikira m'mimba munthu atachita ngozi: malowo sapezeka ngati mtsempha wake sunafufuzidwe. Pokonza aorta yofufuma ndi chubu choikidwa mkati mwake, chubucho chikhoza kutseka khomo la mtsempha wowonjezera wa impso, choncho malo ake amayezedwa pa CT ntchito isanayambe.

Kuwerenga ndi kulemba lipoti

Wowerenga zithunzi amatsatira mtsempha uliwonse kuyambira pa aorta mpaka m'chiwalo, kenako n'kubwereranso kuchokera m'chiwalo kuti atsimikize kuti mbali iliyonse ili ndi mtsempha wake. Zithunzi zathunthu zopangidwa ndi kompyuta n'zosavuta kumva, koma zikhoza kubisa kamtsempha kakang'ono, choncho magawo opyapyala amayang'anidwabe limodzi ndi limodzi.

Chinanso chofunika ndi kusiyanitsa zimene munthu anabadwa nazo ndi zimene zabwera chifukwa cha matenda. Celiac trunk ikamatsekeka pang'onopang'ono, timitsempha tozungulira mutu wa pancreas timakula kuti titenge magazi kuchokera mu SMA kupita kuchiwindi. Timitsempha totere tingaoneke ngati kusiyana kwachibadwa, koma ndi chizindikiro chakuti khomo lina lavuta. Pa opaleshoni ya Whipple mtsempha wa gastroduodenal umadulidwa, ndipo mwa wodwala wotere ndi umene umakhala ukudyetsa chiwindi.

Popeza magulu a Michels, Hiatt ndi ena sagwirizana pa manambala, ndipo maonekedwe ena salowa m'gulu lililonse, akatswiri ambiri amalemba m'mawu kumene mtsempha wayambira, njira imene wadutsa, kukula kwake ndi mbali imene ukudyetsa. Zimenezi zimalembedwa ngakhale pamene chithunzi chinajambulidwa pa chifukwa china, popeza dongosolo la mitsempha silisintha moyo wonse ndipo lipotilo lingadzathandize pa opaleshoni ya m'tsogolo.